Kaundula wa Makobidi Amene Anandimanitsa Ukulu wa Mpingo

Anzanga, ine ukulu wa mpingo unafika pakhomo panga, n'kugogoda, ine n'kuuthamangitsa ndekha ndi rula ndi cholembera chofiira. Palibe anandichitira kaduka, palibe anandinamizira. Sekani, palibe kanthu, inenso ndimaseka, kungoti kuseka kwanga kumathera kupukuta m'maso.

Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri kuno kwa Msakambewa mpaka kupuma ntchito, ndipo chimene chinatsala mumtima mwanga chinali chimodzi chokha: kudzakhala mkulu wa mpingo. Sindibisa, ndinkaufuna ukuluwo. Ndinkaufuna mochititsa manyazi. Jekete lakuda ndinagula kale zaka zitatu zapitazo, linkangodikira m'sutikesi. Ndiye chaka chathachi dzina langa linatuluka. Kwathu kuno dzina likatuluka amaliwerenga m'tchalitchi Lamulungu lililonse kwa milungu itatu, kuti ngati pali amene akudziwa chifukwa choletsa munthuyo, anene. Pakapanda wonena, basi, walowa. Milungu itatu yokha, anthuni. Ntchito yanga inali yongokhala phee.

Ndipo ndinakonzadi zokhala phee. Ku bawo pasitolo ndinasiya kupita kuopa kukangana ndi munthu. Mbuzi ndinazimanga zingwe ziwiriziwiri kuti zisalowe m'munda mwa mwini. Ndinati ndikhale pakhomo, ndipeze kantchito kam'nyumba kosapsetsa munthu mtima. Kodi pali ntchito yofatsa kuposa kulongosola makobidi akale?

Makobidiwa ndinayamba kutolera ndili mphunzitsi wachinyamata. Loyamba linali khobidi loboola pakati lija la nthawi ya chitaganya, la njovu ziwiri, limene ndinalipeza m'thumba la jekete la malemu bambo anga. Kuchokera pamenepo anthu anadziwa kuti aphunzitsi amakonda ndalama zosagula kanthu, ndipo aliyense akapeza yake pansi pa bokosi ankandipatsa. Tiki, sikisi, sheleni ya chimanga, ndalama za ku Joni ndi ku Halale zimene madoda anabwera nazo kuchokera ku migodi ndi m'mapulazi, matambala oyambirira aja, zonse ndinkangoponya m'chitini cha mkaka. Amene anandipatsa ndinkawasunga m'mutu. Koma mutu wa munthu wopuma ntchito umadontha, ndipo ndinaona kuti ndikachedwa ndidzaiwala kuti sikisi uyu anachokera kwa yani. Khobidi lopanda mbiri yake ndi chitsulo chabe.

Ndinali ndi kaundula wa sukulu wosalembamo, wachikuto cholimba, amene anatsalira kwa ine mwanjira imene sitikambirana lero. Ndinatenga rula n'kujambula mizere bwinobwino. Danga loyamba nambala. Lachiwiri mtundu wa khobidi. Lachitatu dzina la amene anandipatsa, lachinayi mudzi wake. Pamenepo ndikanalekeza, bwenzi lero ndili pampando wa kutsogolo. Koma kumanja kwa tsamba kunatsala malo, ndipo mphunzitsi malo otsala samupatsa mtendere. Ndinaganiza kuti popeza ambiri mwa anthuwa ndi achikulire, ena anatisiya kale, mbiri yabwino iyenera kusonyeza zimenezo. Ndiye ndinalemba pamwamba pa danga lomaliza ndi zilembo zikuluzikulu: TSIKU LOMWALIRA.

Amene anamwalira kale ndinawalembera masiku awo, amene ndinkawakumbuka, n'kudula dzina lonse ndi mzere wofiira monga tinkachitira ndi mwana amene wasiya sukulu. Amoyo ndinawasiyira danga lopanda kanthu. Ndinaliyang'ana tsambalo n'kumva kukoma mumtima. Linali laudongo, anthu inu, oyendera sukulu akanandipatsa mphotho.

Vuto lachiwiri linali dzimbiri. Mukudziwa chinyezi cha kumapiri kuno, nkhungu ikagwa ngakhale machesi sayaka. Makobidi amkuwa anali atayamba kubiriwira. Ndinati ndiwapake mafuta. Nditatenga botolo la mafuta ophikira, mayi a kunyumba, Anaphiri, anandilanda m'manja, anangondiyang'ana ndi diso limene amayang'anira nkhuku ikalowa m'khitchini. Ndiye ndinapita pamsika kwa mayi wina wogulitsa mankhwala azitsamba n'kugula kabotolo ka mafuta a nsatsi. Nyerere siziwakonda, sauma msanga, ndiponso ndi otsika mtengo. Mayiyo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inunso mwayamba?" Ine, chitsiru, ndinayankha kuti, "Ndinayamba kalekale, mayi, kungoti sindinkasamala." Ndinkanena za makobidi.

Khobidi lopaka mafuta simungalikulunge m'pepala, pepala limanyowa, dzina n'kufufutika. Panafunika nsalu yosalowa madzi. M'nyumba munali ambulera yakale yothyoka nthiti, yakuda bii. Ndinaidula tizidutswa, khobidi lililonse kachidutswa kake, n'kupinda, n'kusoka m'mbali monse kuti mphepo isalowe. Ulusi wakuda unatha pa khobidi lachisanu, ndiye ndinapitiriza ndi ulusi wofiira umene Anaphiri amalukira tinsalu ta pamipando. Pa kamtokoma kalikonse ndinamangirira kapepala kolimba ka dzina la mwini wake. Ndinagwira ntchito imeneyi masiku anayi, magalasi ali pamphuno, ndikuimba nyimbo za m'buku.

Tsiku lachinayilo Anaphiri anaima pakhomo la chipinda nthawi yaitali.

"Bambo a Tiyanjane, zimene mukusokazo mukuziona bwinobwino?"

"Bwanji, zapindika?"

"Sizinapindike. Ndikuti mukuziona mmene zikuonekera?"

"Zikuoneka zadongosolo."

"Chabwino. Ine ndi mkazi wosaphunzira. Koma anthu ali ndi maso."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti kumayiko a anzathu kuli nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu ngati zimenezi, anthu amalipira kuti akaone. Anangoti "Ehe," n'kupita kukatola mazira. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ine nthawi imeneyo nkhwangwayo inali ikunoledwa.

Lamulungu loyamba dzina langa linawerengedwa, tchalitchi chonse zii, palibe wotsutsa. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mkulu kale.

Chinatsala ndi posungira. Chitini chimachita dzimbiri, katoni chiswe chimadya. Kudenga la nkhokwe kunali chipanda chachikulu cha malemu apongozi anga, chouma bwino, chakuda ndi utsi. Ndinachitsuka, n'kuikamo timitokoma tonse, n'kutseka pakamwa ndi chitsononkho, n'kuchipachika pamtanda wa denga m'chipinda. Tsopano taganizani: timitokoma takuda, ulusi wofiira, mafuta a nsatsi, mayina a anthu, m'chipanda. Mwana wa sitandade wanu akanandiuza chimene ndapanga. Ine mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndinkangoona nyumba yosungiramo mbiri.

Polemba mu kaundula ndinafika pa nambala ina n'kuima. Inali ndalama ya ku Joni imene anandipatsa a Makwinja, mkulu wina wa ku Mulanje amene anabwera kuno kalekale kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya n'kukhazikika. Sindinkakumbuka kuti anati anaitenga okha ku migodi kapena inali ya achimwene awo. Nditafunsa, ndinamva kuti a Makwinja ali gone kuchipatala ku Mtengowanthenga, ndipo zinthu sizili bwino. Munthu wabwino akamva zimenezi amati, kalanga ine, ndikawaone. Inenso ndinatero. Koma pansi pa mtima, ndivomere, chimene chinandikweza minibasi m'mawa mwake chinali mantha akuti akapita, danga langa likhala lopanda yankho.

Ndinafika ndi kabotolo ka thobwa, kaundula m'khwapa, kamtokoma m'thumba. Pambali pa bedi panali mwana wawo wamkazi, Esinati, amene amapemphera mpingo wathu womwewu. Ndinapereka moni, ndinapemphera pemphero lalifupi, mwina lalifupi kwambiri, kenako n'kutulutsa kamtokoma kaja.

"A Makwinja, tagwirani aka. Mukukakumbuka?"

Mkulu uja anakagwira m'dzanja, akundiyang'ana. Ulusi sindinamasule, ndinaona kuti kusokanso ndi ntchito.

"Ndi ndalama yanu ija munandipatsa. Ndimafuna mundiuze kumene munaitenga, nthawi isanathe."

Ndinatero, anthuni. Nthawi isanathe. Ndinkanena nthawi yoonera odwala, koma mawu akatuluka sabwerera kudzafunsa kuti umatanthauza chiyani. A Makwinja ananong'ona za sitima ndi za m'bale wawo wina dzina lake Fulaye, ine ndikulemba. Kenako ndinatembenukira kwa Esinati n'kumufunsa kuti dzina la bambo ake lenileni, la pachiphaso, amalemba bwanji, chifukwa sindifuna kulakwitsa munthu. Anandiuza chilembo chimodzichimodzi, maso ali pa kamtokoma. Ndinatsanzika ndili wokondwa kuti ulendo wapindula.

A Makwinja anamwalira patapita masiku awiri.

Pamaliro ndinakhala bwino ndithu, ndinaimba nawo, ndinapereka chipepeso. Koma pobwerera kumanda ndinamva anthu akusiyana mawu, ena akuti anatisiya Lachiwiri, ena akuti kunali kutacha kale Lachitatu. Mphunzitsi angalembe tsiku longoganizira? Ndinamuyandikira Esinati, mwana wamasiye, maso otupa, dothi la kumanda lili kumapazi, n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Pepa mwanawe, kwenikweni linali Lachiwiri kapena Lachitatu?" Atayankha, ndinatulutsa kapepala n'kulemba pomwepo kuti ndisaiwale. Ndikakumbuka zimenezi ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Lamulungu lachiwiri dzina langa linawerengedwanso. Kunali zii, koma zii wake anali wina, ndipo ndinaona amayi angapo akutembenuka kundiyang'ana. Ndinayesa kuti ndi ulemu.

Tsoka silinunkha. Lachinayi la mlungu wachitatu inali nthawi ya Anaphiri kulandira amayi a mpingo pa mapemphero a m'makomo. Amakhala panja pansi pa mtengo wa mango, ndiye sindinaone vuto kuti tsiku lomwelo ndichite kalembera womaliza. Ndinayala mkeka pabalaza, n'kutsitsa chipanda, n'kundandalika timitokoma tonse m'mizere, mudzi ndi mudzi, amoyo kumanja, omwalira kumanzere. Kaundula ndinamutsegula pampando, cholembera chofiira pamwamba, kabotolo ka nsatsi pambali. Ndili mkati moonetsetsa, mbuzi imodzi inadula chingwe n'kulunjika kumunda kwa aneba. Ndinathamangira mbuziyo, poti ndinali munthu wopewa milandu.

Ndili kutsidya kwa khwawa, mvula inayamba, ija yobwera mwadzidzidzi kuchokera kumapiri. Ndinamva amayi aja akuthamangira m'nyumba, nyimbo ili pakamwa. Nyimboyo inalowa m'nyumba, inayenda mzere umodzi, n'kuduka pakati pa liwu.

Ndinafika ndili chinyowere, mbuzi ndikuikoka. Amayi khumi ndi angapo ovala zoyera anali ataunjikana kukhoma limodzi, aliyense akuyesetsa kuti phazi lake lisakhudze mkeka. Anaphiri anali atakhala pansi pakhomo la kuchipinda, chitenje kumaso. Pakati pa balaza panaima mayi Chisale, mtsogoleri wa amayiwo, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, kaundula wanga ali m'manja.

"Aphunzitsi," anatero, mawu ali pansipansi, "dzina langa likutani m'buku umu?"

Ine mtima unali m'malo. Ndinaona kuti mwayi wophunzitsa wapezeka.

"Mayi, mwaiwala? Munandipatsa hafukoloni ija ya malemu amuna anu. Ndi iyo apo, mzere wachiwiri, kamtokoma kachitatu."

Amayi onse anayang'ana kamtokomako. Wina anati, "Yesu!"

"Nanga apa mwalemba kuti tsiku lomwalira, n'kusiya danga, ndiye kuti chiyani?"

"Pamenepo musadandaule, mayi. Ndidzalemba nthawi yake ikakwana."

Mpaka lero sindidziwa kuti ndi mzimu wanji umene unandipatsa yankho limenelo. Linali loona, ndiye vuto lake. Mayi Chisale anakhala pansi mwadzidzidzi, pampando pomwe panali kabotolo ka nsatsi, kabotolo n'kugubuduka, fungo n'kudzaza nyumba. Apo ndi pomwe Esinati anatulukira kumbuyo kwa anzake, n'kuloza kumanzere kwa mkeka.

"Ako! Kamene anawagwiritsa bambo kuchipatala ndi ako! Anati agwire nthawi isanathe!"

Anatenga bukulo, n'kupeza dzina la bambo ake lodulidwa ndi mzere wofiira, inki ikadali yowala, tsiku lili pambali, Lachitatu. Analira kulira kwa pamaliro. Bukulo linayamba kuyenda m'manja, aliyense akufufuza dzina lake kapena la mwamuna wake, ndipo ambiri anapezamo, chifukwa anthu a kuno ndi opatsa. Wina anafuula kuti, "Abusanso alimo!" Analimodi, nambala makumi anayi ndi ziwiri, anandipatsa sheleni.

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinayang'ana mkeka uja ngati ndikuuona koyamba, ndipo ndinaona zimene aliyense ankaona: zithumwa, mizeremizere, zokhala ndi mayina. Ndinayesa kukonza zinthu. Ndinatola kamtokoma kamodzi kuti ndikang'ambe aone kuti m'kati muli khobidi chabe, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi lezala. Nditangotchula lezala, amayi aja anatuluka onse nthawi imodzi pakhomo limodzi, mvula ikugwa choncho, ena nsapato m'manja. Mabuku a nyimbo anatsala anayi.

M'nyumba munatsala ine, Anaphiri ndi mbuzi. Anaphiri anachotsa chitenje kumaso n'kunena kuti, "Kumayiko a anzathu amalipira kuti aone, eti?"

Loweruka ndinaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo. Ndinanyamula chipanda changa pa njinga, ndipo msewu wonse anthu ankapatuka, ngakhale ngolo inandipatukira. M'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ndinamasula timitokoma khumi pamaso pawo, ndinafotokoza za chitaganya, za chifukwa chimene khobidi analiboolera pakati, za dzimbiri, za mtengo wa mafuta ophikira. Ndinalankhula ola lathunthu. Abusa athu ndi munthu wophunzira, anamvetsa msanga, ndipo ndinawaona akuluma mlomo, mapewa akugwedezeka, akunamizira kutsokomola. Mtima unayamba kubwerera m'malo.

Kenako anaimirira a Kadzakumanja. Awa sanali mkulu, anaitanidwa ngati mboni chifukwa akazi awo anali nawo pa Lachinayi paja, koma ndi munthu wa fodya wambiri, wolankhula mofatsa, ndipo dzina lawo linali lotsatira langa pa mndandanda wa oyembekezera ukulu.

"Abusa ndi akuluakulu, ine aphunzitsiwa ndimawakhulupirira. Anaphunzitsa ana anga onse. Koma funso langa ndi lakuti, mawa akadzakhala mkulu, n'kupita kukaona wodwala, wodwalayo adzawatsegulira chitseko?"

Ngakhale ine ndinaona kuti funsolo ndi labwino.

Chigamulo chinali chakuti mlandu wa ufiti palibe, koma mitima ya anthu yavulala. Dzina langa liyambe laima kaye. Ndipo kuti mitima ikhale pansi, aliyense wolembedwa m'bukumo abwezeredwe khobidi lake, dzina lake lichotsedwe iye akuona. Ndinapempha kuti mwina ndingofufuta danga lomaliza lija. Mkulu wina wachikulire anati, "Aphunzitsi, danga mungafufute, koma anthu analiona."

Lolemba ndinakhala pakhonde la tchalitchi ndi tebulo, mkulu mmodzi mbali iyi, wina mbali iyo, anthu ali pamzere. Ndipo apa m'pamene pamandiwawa kwambiri: kaundula uja anagwira ntchito bwino zedi. Palibe khobidi limene linasochera, palibe anthu awiri amene anakanganirana limodzi. Ndikaitana dzina, nambala, kamtokoma ako, ndendende. Dongosolo limene ndinalikonza kuti chuma changa chisabalalike ndi lomwe linachibalalitsa mwaudongo, m'mawa umodzi. Zaka makumi atatu zinatha isanakwane nthawi ya nkhomaliro.

Ambiri sanafune kulandira m'manja. Ena anabwera ndi masamba a nthochi, wina anabwera ndi mbaniro ya uvuni wa fodya. Kudula dzina ndi cholembera anakana, poti anali ataona kale tanthauzo la mzere m'buku langa, ndiye aliyense ankalidula ndi lezala n'kutenga kachidutswako. Bukulo linatsala mazenera okhaokha. Mayi Chisale analandira hafukoloni yawo pa fosholo, n'kuyenda nayo molunjika kuchimbudzi cha tchalitchi. Ndinathamangira pambuyo ndikuchonderera.

"Mayi, chonde, imeneyo ndi imodzi yokha m'dera lonse lino! Ngati simukuifuna kapatseni ana a sukulu aone!"

"Kuti muyambe ndi ana?"

Ndinamva kulira kwa hafukoloniyo ikufika pansi pa dzenje. Ndinaima pakhomo la chimbudzi cha amayi, bambo wa imvi, misozi ikutsika, anthu akuonerera.

Abusa okha ndi amene analandira sheleni yawo m'manja, n'kuiika m'thumba, n'kundinong'oneza kuti, "Limbani mtima, aphunzitsi, zidzaiwalika." Koma dzina lawo anadula ndi lezala ngati wina aliyense, ati amayi abusa anawauza kuti asabwerere kunyumba popanda kachidutswako.

Makobidi a omwalira palibe anabwera kudzatenga. Achibale anati zimene zinachitika zinachitika, asazibweretse m'nyumba zawo. Ndiye ndinabwerera kunyumba ndi timitokoma ta kumanzere tokha, ndi buku lotsala mayina ofiira okhaokha. Poyamba ndinali munthu wosunga makobidi. Tsopano, mwa chigamulo cha bwalo, ndinasanduka munthu wosunga makobidi a akufa okha. Mwaona mmene anandiyeretsera dzina?

Lamulungu lachitatu lija, dzulo lake la Lolembalo, anawerenga mayina, langa panalibe. Patapita milungu ingapo a Kadzakumanja analowa ukulu, ine ndili pabenchi la kumbuyo, ndipo benchi lonselo linali langa ndekha, anthu atapanikizana kwina. Ulemu wokha ndiye unachuluka. Anyamata amene kale ankandidutsa pa njinga osapereka moni tsopano amatsika patali. Pagolosale chenje sandipatsa m'manja, amaika pakauntala n'kubweza dzanja msanga, ndipo ikakhala yachitsulo amati, "Tengani masiwiti, aphunzitsi." Anaphiri anakhala mwezi wathunthu akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Ndinkadzuka m'mawa osadziwa kuti ndidzukiranji.

Tsiku lina masana ndili kudimba ndikuthirira mpiru, ndinaona munthu akutsika njira ya kukhwawa, akuyang'ana uku ndi uku. Anali a Kadzakumanja, mkulu wa mpingo watsopano, Baibulo m'khwapa. Ndinati mwina abwera kudzandilimbikitsa, ndipo mtima unafewa. Tinapatsana moni, anayamikira mpiru, anadandaula za mtengo wa feteleza, anayang'ananso kumbuyo, kenako anakhala pa mzere n'kutsitsa mawu.

"Aphunzitsi, zija zinachitika zija musazitengere kumtima. Pagulu munthu umalankhula za pagulu."

"Zinatha zimenezo, akulu."

"Eya. Koma bukulo, masamba ena anatsalako?"

"Anatsala. Bwanji?"

Anapisa dzanja m'thumba la m'kati n'kutulutsa kampango komanga mfundo.

"Mukudziwa mlamu wanga uja tikulimbirana naye dimba la kumtunda. Wandisautsa, aphunzitsi, zaka zinayi. Akazi anga anakapeza aka m'bokosi mwake. Ndi kake ndithu, kanali ka bambo ake, amakasunga pamtima. Sindikuti muchite zoopsa ayi. Mungomulembamo basi, danga lija mulisiye choncho, iye angomva kuti walembedwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire, ndiwakumbutse funso lawo lija la pabwalo, ndiwauze kuti ine ndi Mkhristu. Koma anali atamasula kale mfundo. Pa kampangopo panali hafupeni ya chitaganya, yoboola pakati, ya akadyamsonga awiri, nyama zamakosi aatali zija, yosakulika ngakhale pang'ono. Moyo wanga wonse ndinangoimva mbiri, ndinafunsa madoda a m'midzi yonse mpaka ku Malomo, sindinaionepo ndi maso. Ndipo inali apa, padzuwa, m'dimba langa, ikundipatsidwa ulere.

Ndinaitola. Ndinaitembenuza. Ndipo ndinamva pakamwa panga pakufunsa, pa pokha, kuti, "Mlamu wanuyo dzina lake lenileni amalemba bwanji?"

A Kadzakumanja anamwetulira. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunandidzutsa, ndipo ndinapeza dzanja langa lamanja lili kale m'thumba la malaya kufunafuna cholembera. Ndinabweza khobidilo pa kampango ngati lotentha, n'kuwauza kuti anyamuke asanandichimwitse, akabweze kumene anakatenga. Anapita akung'ung'udza kuti anthu odziwa zinthu amakhala ouma mtima, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti ndinakana chifukwa sanatchule mtengo.

Ndinakhala pansi pakati pa mpiru n'kulira, ndipo chimene sindinauzepo Anaphiri ndi chakuti sindinkalirira ukulu, ndinkalirira akadyamsonga aja. Pamenepo ndinadziwa kuti bwalo silinalakwitse kwenikweni. Choncho ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: dzina la munthu wopuma mpweya sindidzalilembanso m'buku lililonse, ngakhale la mpira, ngakhale la ukwati. Ndipo wina wa inu akadzapeza khobidi lakale pansi pa bokosi, chonde, ngati mumandikonda, mudzadutse nalo njira ya kuseri, chifukwa ine ndadziona ndekha kuti sindinachire.